Musanazike chikwangwani ku Salima, dziwani dzina lake ndi mwini nthaka yomwe chiimepo

Anthu ambiri amafika pashedi panga atasankha kale penti. "Achimwene, ndikufuna chofiira, zilembo zachikasu, chachikulu choti wa m'minibasi yochokera ku Lilongwe achione asanatsike pa Kamuzu Road." Ine ndimayamba ndawafunsa kuti chikaima pati. Ena amakwiya nalo funsoli, amaona ngati ndikuwachedwetsa. Koma pa zaka zomwe ndakhala ndikulemba zikwangwani kuno, sindinaonepo chikwangwani chikuzulidwa chifukwa penti yake ndi yoipa. Zomwe zimazulidwa ndi zoima pamalo olakwika, kapena zomwe mwini wake anauza akukhonsolo kuti ndi mtundu wina pomwe chili mtundu wina. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yomwe ndimayendamo ndi kasitomala aliyense, kaya ndi wa okala kaya ndi wa loji ya ku Senga Bay, ndisanadule lata ngakhale limodzi.

Choyamba, kaimeni pamalopo ndi tepi m'manja

Pitani pomwe mukufuna kukumba dzenje, muimepo, mudzifunse kuti nthaka mwapondayo ndi ya ndani. Yankho lake ndi lomwe likuuzeni khomo logogoda.

Ngati muli m'mbali mwa msewu waukulu, monga M14 wochokera ku Lilongwe kapena M5 wopita ku Nkhotakota ndi ku Balaka, dziwani kuti msewu suthera pomwe pathera phula. Msewu uli ndi malo ake osungidwa mbali zonse ziwiri, omwe m'makalata amawatcha road reserve. Pa misewu ikuluikulu, iyi ya chilembo cha M, malowa ndi otambalala mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati penipeni pa msewu. Pa misewu yocheperako malowa amachepanso. Mamita 30 ndi mtunda wautali kuposa momwe diso limanenera. Tengani tepi kapena chingwe choyezedwa kale, mutenge mnzanu woti aziyang'ana magalimoto, muyeze kuchokera pa mzere wa pakati. Mudabwa kupeza kuti mtengo wa mango womwe mwakhala mukuutcha wanu uli m'malo a msewu. Malo amenewa pa misewu ikuluikulu amayang'aniridwa ndi Roads Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndiye chikwangwani choima m'menemo sichingathere kukhonsolo kokha.

Ngati mwatuluka m'malo a msewu ndipo muli pa poloti, funso ndi lakuti polotiyo ndi yanu kapena mukuchita lendi. Wa lendi ayambe wakambirana ndi eni nyumba, ndipo zomwe agwirizanazo zilembedwe, ngakhale patsamba la m'kope. Eni nyumba ambiri amavomera pakamwa mosavuta, koma tsiku lomwe kampani ya mafoni yabwera kudzapempha khoma lomwelo kuti ilipake penti yake, mawu a pakamwa aja amauluka.

Kumidzi, monga mukapita cha ku Khombedza, Thavite kapena Lifuwu, mawu a amfumu ndi ofunika ndipo musawalumphe. Kungoti amfumu akavomera, avomera za malo. Sanakupatseni chilolezo cha khonsolo, ndipo alibe mphamvu yogawa malo a msewu. Ndazionapo kangapo, munthu akuonetsa kalata ya amfumu yadidindo kwa anthu omwe abwera kudzazula, iwo n'kuiwerenga mwaulemu, n'kupitiriza kuzula.

Mukadali pomwepo, kwezani maso. Pali mawaya a ESCOM pamwamba? Chikwangwani chachitsulo pansi pa mawaya ndi msampha, makamaka tsiku lochiimika pomwe anyamata akunyamula mapaipi aataliatali. Yang'ananinso pansi: ngalande ya madzi a mvula, mapaipi a Central Region Water Board, ndi timiyala tosonyeza kuti pansipo padutsa chingwe cha intaneti. Amene ali pafupi ndi njanji, monga cha kusiteshoni kapena ku Chipoka, akumbukire kuti njanji nayo ili ndi malo ake osungidwa.

Chachiwiri, chipatseni dzina lake lenileni

M'Chichewa zonse timangoti chikwangwani, kuyambira kabolodi ka "Pano tikugulitsa mpunga" mpaka chimphona cha pamphambano. Kwa anthu a mapulani si choncho. Mtundu uliwonse uli ndi dzina lake, ndipo poti mafomu ndi makalata a m'maofesi amalembedwa m'Chingerezi, mayinawo mukumana nawo m'Chingerezi. Ngakhale mawu akuti advertisement kwa iwowa ndi otakata kuposa momwe timaganizira: sikutsatsa malonda kokha, komanso cholembedwa kapena chojambulidwa chilichonse choikidwa poyera kuti chilengeze kapena kulozera. Chikwangwani cha tchalitchi, cha sukulu ya mkaka, cha bungwe lothandiza alimi, zonse zimagwera m'thumba lomwelo.

Kusiyana koyamba, komwe ndikokulirapo pa zonse, ndi uku: kodi chikwangwanicho chikunena za bizinesi yomwe ili pamalo pomwepo, kapena za bizinesi yomwe ili kwina? Choyambacho amachitcha on-premise sign. Dzina la golosale yanu pakhoma la golosale yanu. Chachiwiricho ndi off-premise, ena amati third-party: chikwangwani cha chigayo chanu choikidwa pamphambano, makilomita awiri kuchokera pachigayopo, kapena chithunzi cha sopo pakhoma la munthu yemwe sapanga sopo. Pafupifupi paliponse malamulo amafewera choyambacho n'kulimbira chachiwiricho, chifukwa munthu ali ndi chifukwa chomveka chodziwitsira anthu pomwe ali, pomwe zolozera kutali zikangolekereredwa zimadzaza mphambano yonse.

Kenako pali kaimidwe. Cholembedwa pakhoma penipeni, kapena bolodi yokhomedwa mogona pakhoma, ndi wall sign. Chikakhala pa kachigawo kaja ka pamwamba pa chitseko ndi mawindo, kutsogolo kwa khonde, amati fascia sign. Izi ndi zomwe zili ndi mavuto ochepa kuposa zonse: mphepo sizigwetsa, sizitchinga munthu, ndipo nthawi zambiri ndimalangiza wa bizinesi yaing'ono kuti ayambire pamenepa. Koma chenjerani ndi makoma opakidwa ndi makampani. Kampani ikapaka shopu yanu yonse mtundu wake, dzina lanu n'kuliika pakona m'tizilembo ting'onoting'ono, khomalo lasanduka malonda a wina. Musanavomere penti yaulereyo, funsani kuti wolipira kukhonsolo akhala ndani, ndipo yankho lilembedwe. Penti yaulere imakoma, koma kalata yokumbutsa ngongole imafikira mwini chitseko.

Chotuluka kukhoma ngati dzanja, choti woyenda m'khonde achiwerenge mbali zonse ziwiri, ndi projecting sign. Cholendewera pansi pa denga la khonde ndi hanging sign. Pa ziwirizi mawu omwe muwamve ndi clearance, kutanthauza mpata kuchokera pansi kufika kunsi kwa chikwangwanicho. Poyeza mpata umenewu musaganize za munthu wamtali chabe. Ganizani za mayi wosenza beseni la usipa pamutu, ndi wa kabaza wonyamula matumba a makala osanjikiza. M'mphepete mwa lata ndi mpeni.

Choima pachokha pa nsanamira zake ndi freestanding sign, ndipo chikatalika kwambiri, ngati zija za pamalo omwetsera mafuta zolembedwa mitengo ya petulo, chimatchedwa pylon. Apa ndi pomwe nkhani imakula, chifukwa chinthu chokhala ndi maziko a simenti chimaonedwa ngati chomangidwa, osati chongopachika. Mawu ake apa ndi setback, mtunda womwe chiyenera kubwerera m'mbuyo kuchokera kumalire a poloti kapena a msewu, ndi sight line, mpata womwe woyendetsa galimoto amafunika kuti aone zomwe zikubwera. Wotuluka m'kamsewu ka fumbi kulowa mu M5 amayenera kuona kumanja ndi kumanzere. Chikwangwani chanu chikaima pakona pomwepo, mwamutseka maso.

Directional sign ndi cholozera njira: dzina, muvi, ndi mtunda. Yendani msewu wa ku Senga Bay muone momwe zimachulukira pa kamphambano kalikonse kolowera kunyanja, china chopendekeka, china chozimiririka, china cha loji yomwe inatsekedwa kalekale. Maganizo anga pa izi ndi osabisa: eni malo ogona alendo omwe amalowera njira imodzi akanamagwirizana n'kuimika chimango chimodzi cholimba, aliyense n'kukhala ndi mzere wake. Mlendo amawerenga msanga, ndalama za chitsulo zimagawanika, ndipo pempho limodzi laudongo limayenda bwino m'maofesi kuposa mapempho asanu ndi awiri olimbirana kona imodzi. Cholozera njira chisasanduke menyu. Ndinakanapo kulemba mitengo ya chambo ndi chipisi pansi pa muvi, mwini wake anapita kwa mmisiri wina, ndipo mpaka lero palibe yemwe amatha kuwerenga chikwangwanicho ali m'galimoto.

Bilibodi ndi nkhani ina. Kukula kwa mamita 6 ndi 3 ndi kofala, ndipo amenewo ndi masikweya mita 18 a lata oyang'anizana ndi mphepo. Kawirikawiri mabilibodi amakhala a makampani otsatsa malonda omwe amabwereketsa nkhope yake pamwezi. Ngati ndinu mwini malo ndipo akufuna kuimika pa inu, musagwire ndinu ntchito yotenga zilolezo. Auzeni akuonetseni mapepala awo ndi chojambula cha injiniya chosonyeza maziko, ndipo mgwirizano unene yemwe adzalipire chikadzagwera nyumba ya aneba.

Zotsala ndi zosakhalitsa, zomwe amazitcha temporary signs: chinsalu chomangidwa pakati pa mitengo iwiri cholengeza msonkhano wa chitsitsimutso kapena mpira, mapositala a zoimbaimba ndi a kampeni, ndi kabolodi kopinda ka miyendo iwiri komwe mumatulutsa m'mawa n'kukalowetsa madzulo. Anthu amaganiza kuti chosakhalitsa sichifuna kupempha. Chimafuna ndithu, makamaka chinsalu chodutsa pamwamba pa msewu, chifukwa lole ya nzimbe kapena ya thonje ikachikola imagwetsa ndi zomwe mwamangirirapo. Chilolezo chake chimakhala cha masiku owerengeka, ndipo kumasula ndi udindo wa yemwe anamanga.

Mtundu uliwonse mwa imeneyi ukhoza kukhala woyaka usiku, illuminated. Nenani zimenezi poyambirira, musadzawonjezere magetsi mwakachetechete. Getsi lisathwanimethwanime, lisalase m'maso mwa oyendetsa, ndipo pafupi ndi mphambano pewani zofiira ndi zobiriwira zoyaka.

Pali mtundu umodzi womwe si wanu ndipo sudzakhala wanu: zikwangwani za pamsewu. Dziko lathu limatsatira kalembedwe ka maiko a SADC. Zamakona atatu zokhala ndi mkombero wofiira zimachenjeza, zozungulira zimalamula kapena kuletsa, chofiira cha makona asanu ndi atatu ndi choimitsa, zachikasu ndi za pomwe msewu ukukonzedwa, ndipo zofiirira ngati dothi ndi zolozera malo okopa alendo. Musatengere maonekedwe amenewa. Mnyamata wina anandipempha kuti ndimulembere "STOP! Kanyenya pano" m'chikwangwani chofiira cha makona asanu ndi atatu. Nzeru yake inali yokoma, koma ndinakana. Musamangirirenso bolodi yanu pa nsanamira ya chikwangwani cha msewu, pa mlatho kapena pa pholo la magetsi. Ndipo wina akabwera kudzakugulitsani lata losalala bwino, lonyezimira kumbuyo, pamtengo wozizira, lionetsetseni: ambiri mwa malata otere ndi zikwangwani za msewu zozulidwa usiku.

Chachitatu, dziwani chigawo chomwe muli

Gawo ili ndi lalifupi koma limagwetsa anthu. Mapulani a tauni amagawa malo m'zigawo: kokhala anthu, kwa malonda, kwa mafakitale, kwa masukulu ndi zipatala, ndi malo osiyidwa osamangapo. Kumeneku ndiye amati zoning, ndipo lamulo lalikulu loyendetsa zimenezi ndi Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988. Chikwangwani chomwe chingadutse mosavuta pafupi ndi msika chikhoza kukanidwa pakati pa nyumba zogona anthu. Komanso chikwangwani chimaulula. Mukakhoma "Rest House" kapena "Bottle Store" panyumba yomwe m'mabuku inalembedwa kuti ndi yokhalamo, mwalengeza nokha kuti mwasintha ntchito ya nyumbayo, zomwe amazitcha change of use, ndipo zimenezo zili ndi chilolezo chakechake. Konzani za nyumbayo kaye, chikwangwani chibwere pambuyo.

Chachinayi, yezani ndi kujambula papepala

Akukhonsolo adzafuna manambala, osati "chachikulu ndithu". Lembani m'litali, m'lifupi, ndi msinkhu kuchokera pansi kufika pamwamba penipeni. Kukula kwa nkhope ya chikwangwani, sign area, kumapezeka pochulukitsa m'litali ndi m'lifupi. Bolodi wamba ya mamita 2.4 ndi 1.2 imakwana masikweya mita 2.88. Ngati chili ndi nkhope ziwiri, funsani ngati awerengera imodzi kapena zonse, chifukwa pomwe malipiro akutengera kukula, yankho limeneli likhoza kuwirikiza ndalama yanu. Walira mvula walira matope: wofuna chachikulu akonzekere chitsulo chambiri, simenti yambiri ndi malipiro okulirapo.

Kukula kwa bolodi kutsatire zilembo, osati zilembo kutsatira bolodi. Ife olemba timayendera kuti chilembo chotalika masentimita 10 chimawerengeka momasuka pa mamita 12 kapena kupitirirako pang'ono. Tsono ganizani za liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, ndipo ya makilomita 80 imadutsa mamita 22. Woyendetsa ali ndi masekondi awiri kapena atatu okha oti akuoneni. M'masekondi amenewo munthu amawerenga mawu anayi kapena asanu, basi. Dzina, chomwe mumachita, muvi. Nambala za foni zitatu, vesi la m'Baibulo ndi mndandanda wa katundu zisiyireni khoma la pakhonde, pomwe wowerenga waima ndi miyendo yake.

Jambulani zinthu ziwiri. China ndi chikwangwanicho ndi miyeso yake ndi mawu ake onse. China ndi mapu a pamalopo, site plan, osonyeza msewu, malire a poloti, nyumba, mawaya, ngalande, ndi kadontho pomwe nsanamira ziime, pamodzi ndi mamita omwe munayeza aja. Pa chikwangwani chaching'ono mapu a pamanja ojambulidwa mwaudongo amathandiza kale. Jambulaninso malowo ndi foni kuchokera mbali zonse ziwiri za msewu.

Chachisanu, unikani mawu musanawapake

Penti ikauma, kukonza kumadula. Mawu ena ali ndi eni ake. Mbendera ya dziko, chizindikiro cha boma ndi dzina la mtsogoleri wa dziko ndi zotetezedwa ndi lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act, ndiye musazikongoletsere malonda. Wogulitsa mankhwala adziwe kuti kutsatsa mankhwala kumayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mawu onga "timachiza shuga ndi BP" akhoza kumuitanira alendo omwe sanawayembekezere. Kulemba zabodza pa mtengo kapena pa ubwino wa katundu ndi nkhani ya Competition and Fair Trading Commission. Chizindikiro cha kampani ya eni, kaya ya zakumwa kaya ya mafoni, musachijambule popanda iwo kuvomera. Dzina lomwe likupita pabolodi lifanane ndi lomwe lili pa laisensi yanu ya bizinesi, chifukwa mapepala awiri osemphana mayina amachedwetsa chilichonse.

Pomaliza perekani pepalalo kwa anthu awiri aliwerenge mokweza, mmodzi akhale mphunzitsi ngati alipo pafupi. Ine ndemwe ndinalembapo "Salon" ndi zilembo zosemphana pabolodi ya mayi wina, tonse awiri osaona, mpaka mwana wa Sitandade 5 anatiuza akudutsa.

Chachisanu ndi chimodzi, pitani kukhonsolo musanapite kwa owotcherera

Apa ndi pomwe ambiri amatembenuza ndondomeko. Amayamba awotcheretsa chimango, kupaka, kuzika, kenako n'kumadikira kuti aone ngati wina abwere. Safunsa anadya phula. Local Government Act ya 1998 imapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo, aja amati ma by-law, ndi kutolera ndalama pa zinthu ngati izi, ndiye khonsolo ya boma la Salima ndi khomo loyamba ngakhale pa chikwangwani chomwe chidzafunenso mawu a Roads Authority.

Nyamulani zojambula zanu ziwiri zija, zithunzi za m'foni, kope la laisensi ya bizinesi, chitupa chanu cha unzika, ndi kalata ya eni malo ngati malowo si anu. Mukafika funsani ofesi yoona za mapulani ndi chitukuko. Kalankhulidwe kamathandiza. M'malo monena kuti "ndikufuna kuika chikwangwani", nenani kuti: "Bwana, ndabwera kudzapempha chilolezo cha chikwangwani choima pachokha, cha bizinesi yomwe ili pamalo pomwepo, mamita 2.4 ndi 1.2, nkhope ziwiri, chosayaka, mamita 34 kuchokera pakati pa M5." Munthu wa muofesi akamva choncho amadziwa fomu yoti akupatseni ndi mzere woti ayang'ane pa ndandanda wa mitengo, ndipo simubwezedwa kuti mukayeze kaye.

Musatuluke musanafunse zinthu izi. Kodi malipirowo ndi a kamodzi kapena a chaka ndi chaka? Ngati ndi a pachaka, chaka chake chikutha liti, poti chaka cha ndalama cha boma masiku ano chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndipo wolipira mu February akhoza kupezeka akulipiranso patangotha miyezi iwiri. Kodi abwera kudzaona malowo musanakumbe? Kodi pakufunika kalata ya ofesi ina? Pemphani kuona ndandanda wa mitengo ndi maso anu, poti mitengo imasintha. Ndalama perekani kwa wolandira ndalama wa khonsolo kapena kubanki komwe akuuzani, ndipo mutenge lisiti la khonsolo lokhala ndi nambala. Munthu wokupezani pashopu n'kunena kuti "ingondipatsani ya fanta, ndikakonza" sakukonzerani kanthu. Iye akadzasamutsidwa, chikwangwani chanu chidzatsala chopanda pepala.

Chilolezo chikatuluka, chiwerengeni mpaka pansi. Nthawi zambiri chimabwera ndi zoyenera kutsata, monga kuchepetsa msinkhu kapena kusuntha mamita angapo. Chomwe mwaloledwa ndi chomwe chalembedwacho, osati chomwe munapempha.

Chachisanu ndi chiwiri, zikani mokumbukira mwera

Salima ali ndi adani atatu a zikwangwani: mphepo, dzuwa ndi chiswe. Mwera ukayamba kuwomba kuchokera kunyanja, kuyambira cha mu May mpaka August, bolodi iliyonse imasanduka thanga la bwato. Chikwangwani changa choyamba chomwe ndinazika ndekha chinali pa nsanamira za bulugamu, m'maenje osaya, m'dothi la mchenga. Sichinathe miyezi itatu. Ndinachipeza m'mawa chitagona chafufumimba m'munda wa chinangwa wa aneba, ndipo ndinalipira chinangwacho.

Gwiritsani ntchito mapaipi achitsulo ochindikala, opakidwa penti yoletsa dzimbiri musanapake ya mtundu. Pa bolodi wamba, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a nsanamira lilowe pansi, ndipo kumchenga, monga cha ku Senga Bay, dzenje likhale lakuya ndi lotambalala kuposa pamenepo. Wotchererani kachitsulo kopingasa kunsi kwa nsanamira kuti igwirane ndi konkire, apo ayi paipi imazungulira m'dzenje ngati mthiko. Thirani konkire, muziithirira madzi kwa masiku angapo, ndipo bolodi muikweze konkireyo itagwira, osati tsiku lomwelo. Ngati mulibe kuchitira mwina koma mitengo, tengani yonyikidwa m'mankhwala, chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Kumbuyo kwa lata kukhale chimango chopingasa kuti lisamalire ndi kupindika, ndipo ngodya zonse zipindidwe.

Dzuwa la October limadya mtundu wofiira msanga kuposa ina yonse, ndipo zosindikiza pa pulasitiki zoyang'ana kumadzulo zimayezuka mwachangu. Zilembo zakuda kapena zabuluu wakuda pa zoyera zimapirira. Musakhome misomali pamitengo ya m'mbali mwa msewu: mtengo umakula, umameza msomali, bolodi imapindika, ndipo mtengo womwe amayi ogulitsa mango amadalira mthunzi wake umavulala.

Mukamaliza, jambulani chikwangwanicho chitaima, ndipo lembani nambala ya chilolezo m'tizilembo ting'onoting'ono pakona ya kumbuyo. Lisiti ndi chilolezo zisungeni m'pulasitiki pashopu pomwepo, osati kunyumba, kuti mnyamata wogulitsa athe kuzionetsa inu mutachokapo.

Kalata ikabwera

Tsiku lina mukhoza kupeza kalata yokuuzani kuti muchotse kapena musunthe, yomwe amaitcha enforcement notice, kapena kupeza nsanamira yanu italembedwa X wofiira, makamaka msewu ukamakonzedwa kapena kukulitsidwa monga zakhala zikuchitikira pa M5 kuchokera pa Kaphatenga kulowera ku Benga. Musaing'ambe ndipo musakangane ndi woibweretsa, iye watumidwa. Onani ofesi yomwe yalemba, tsiku lomwe yalembedwa, ndi masiku omwe mwapatsidwa. Pitani ndi mapepala anu masikuwo asanathe, mukafunse chomwe chalakwika ndi njira yodandaulira ngati simukugwirizana nazo. Ngati chikwangwanicho chilidi m'malo a msewu, chizuleni nokha. Mukazula nokha mumasunga mapaipi ndi lata zili zabwinobwino n'kukazika pena. Akazula iwo amadula ndi sowo kapena kukoka ndi galimoto, ndipo mtengo wa ntchitoyo ukhoza kubwera kwa inu.

Mukasamuka kapena kutseka bizinesi, kachotseni cholozera njira chija ndipo mukadziwitse akukhonsolo mwa kalata kuti akufufuteni m'buku la olipira pachaka. Amene chikwangwani chake chikadali chilili, mwezi wa April, mvula itangosiya ndipo dothi likadali lofewa, atenge sipanala akamange mabawuti onse, agwedeze nsanamira iliyonse ndi manja awiri, ndipo ikagwedera athirenso konkire mwera usanafike.